Penti Wotuwa wa a Laws Chirambo

A Laws Chirambo ankapanga zida za akazitape. Iwo sanali kazitape. Anali mmisiri wa malata kuno ku Mchesi, wokhoma ndowa, mbaula ndi mathilanki a ana asukulu. Koma dzuwa likapendeka ankakankhira ndowazo pambali n'kuyamba kukhoma zinthu zimene anaziona mu filimu ina yakale ya akazitape, ya zigawozigawo, imene tonsefe tinatopa nayo iwo asanatope. Tinakawaika kwawo ku Rumphi chaka chatha. Ine ndine Maxon, kalipentala. Shedi yanga inagundana ndi yawo, choncho zambiri ndinaziona ndi maso.

Mantha awo anali amodzi. Njala sankaiopa, matenda sankawaopa. Ankaopa kufa atasiya chinthu chosafanana ndi cha mu filimu. Ankati tsiku lina kudzabwera munthu woidziwa filimuyo, adzayang'ana pa shelefu pawo, n'kunena kuti Chirambo ankangopanga za m'mutu mwake. Mawu amenewo sankafuna kuti adzanenedwe, ngakhale iwo atagona kale pansi.

Filimuyo anaipeza ali mnyamata. Ankakonza denga la mzungu wina ku Area 10, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira katoni ya matepi, deki, ndi kanema wamng'ono wa zithunzi zakuda ndi zoyera. Wina akanagulitsa. A Laws anaika zonse pa wilibala, nafunditsa bulangeti ngati wodwala, n'kukankha mpaka ku Mchesi. Kuyambira pamenepo matepiwo sanatulukenso m'nyumba. Ankati deki ya eni imadya matepi. Anthu atayamba kugula makanema atsopano, iwo anakana. Ankati kanema wawo anabwera limodzi ndi matepiwo, ndiye amadziwana.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Chida chikangoonekera, ankaimitsa tepi, n'kuika rula pa galasi la kanema. Ankayeza chidacho, kenako chala chachikulu cha wochigwirayo, kenako chala chawo. Atatero ankadziwa kukula kwake kwenikweni. Chithunzi choimitsidwa chimanjenjemera, ndiye nawonso ankanjenjemeretsa mutu kuti agwirizane nacho. Ukalowa nthawi imeneyo unkaganiza kuti malungo awagwira.

Chimene sanachione sankachipanga. Panali kawayilesi kobisika mu bulashi ya nsapato, kamene mu filimu yonse kankaoneka kutsogolo kokha. Kawo kanalinso ndi kutsogolo kokha. Kumbuyo kunali kobooka. Ndinawauza kuti ndiwadulire kathabwa atseke, pakuti mphemvu zinali zitayamba kuberekeramo. Anandifunsa ngati ndinakaonako kumbuyoko. Ndinati ayi, koma chinthu chilichonse chili ndi kumbuyo. Anati zimenezo ndi maganizo anga, ndipo mphemvu n'zabwino kusiyana ndi bodza.

Zida zonsezo sizinkagwira ntchito. Rabson wogulitsa makala anamva kuti pali fulasiki ya tiyi imene imamvetsera zolankhula za anthu. Anabwera mwakachetechete kudzabwereka, kuti akaisiye kwa apongozi ake amve zimene amamunena akachokapo.

"Mkati mulibe kanthu," anatero a Laws. "Mu filimu sanaitsegulepo."

"Nanga ntchito yake n'chiyani, madala?"

"Kufanana."

Akazi awo, mayi Edna, amene a Laws ankawaitana kuti NyaMsiska monga mwa kwawo, anali pakhonde akusankha nyemba. Anamuuza Rabson kuti ngati akufuna kudziwa zimene apongozi ake amamunena akhale pansi amuuze, chifukwa Mchesi yonse ikuzidziwa. Rabson sanakhale.

Mayi Edna anali otero. Mayi wa Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, wosadziwa kukometsera mawu. Munthu akabwera kudzatenga mbaula yake imene inachedwa, a Laws ankathawira m'nyumba n'kuwauza kuti anene kuti achoka. Iwo ankatuluka n'kunena kuti bambo ali mkati, abisala kuseri kwa chitseko, ndipo mbaulayo sanaiyambe n'komwe. Filimuyo sanaionerepo ngakhale chigawo chimodzi. Ankati anthu ovala zipewa m'nyumba n'kumanong'onezana sangawaphunzitse kanthu.

Nthawi ina nkhani inafika ku mpingo. Wina anasuzumira pa zenera n'kuona chinthu cha mapiko ndi tinyanga chitapachikidwa kudenga, ndipo pofika Lamlungu chinali chitasanduka ndege ya ufiti. Akulu a mpingo anabwera Loweruka, atavala majekete, nkhope zili gwa. A Laws sanadziteteze. Anawakhazika pa benchi n'kuika tepi kuti aone okha kumene chinthucho chinachokera. Akuluwo anakhutira msanga, koma sananyamuke. Chigawocho chinathera pamene mayi wina anatsekeredwa m'chipinda cha pansi, madzi akulowa. Mkulu wina anafunsa ngati mayiyo anapulumuka. A Laws anati yankho lili m'tepi yotsatira, ndipo deki yatentha. Loweruka linalo akuluwo anabweranso, akuti kudzamaliza kufufuza.

Kunyada kwawo kwakukulu kunali penti. Chilichonse mu kanema wawo chinali chotuwa, ndiye zida zonse anazipaka zotuwa. Koma si kutuwa kumodzi. Ankasakaniza wakuda ndi woyera m'zitini za mkaka, chitini chilichonse ndi dzina lake: phulusa, mtambo wa mvula, msana wa khoswe, ndevu za abusa. Ankapaka pa kachidutswa ka lata, n'kukagundiza pa galasi la kanema, n'kupukusa mutu, n'kuyambiranso. Fulasiki yokha inadya mwezi. Kwa ine zonse zinkaoneka ngati simenti, ndipo nditanena zimenezo sanandipatse moni masiku angapo.

Zinayenda choncho mpaka tonse tinachita imvi. Kenako kanema uja anafa. Anatulutsa kautsi ndi fungo la tsitsi lopserera, basi. Okonza onse a mu Mchesi ndi ku Biwi anamutsegula n'kumutsekanso, akuti zoterezi zinasiya kalekale kupangidwa. A Laws anakhala ngati aferedwa. Mwana wawo Fiona, amene ndi namwino, anawamvera chisoni. Anaifufuza filimuyo pa intaneti, anaipeza yonse, anaiika mu foni, nabwera nayo Lamlungu masana titangoweruka ku tchalitchi. Ankaganiza kuti akubweretsa chimwemwe. Ine ndinalipo.

A Laws anagwira foniyo ndi manja awiri. Nyimbo yoyambira italira anamwetulira. Kenako kumwetulirako kunatha. Kazitape wawo anatulukira atavala jekete la buluu, akuyendetsa galimoto yachikasu, ndipo pa mpando panali fulasiki ija. Anafunsa kuti wapaka mitundu imeneyi ndani. Fiona anafotokoza kuti palibe wapaka. Filimuyo inajambulidwa chomwecho, ndipo matepi awo analinso ndi mitundu yomweyo. Kanema wawo ndiye sankatha kuionetsa.

"Fulasiki ndi yofiira?"

"Yofiira, adada."

"Kuyambira kale?"

"Kuyambira kale."

Anabweza foniyo bwinobwino, analowa m'nyumba, natseka chitseko.

Shedi yawo inakhala yotseka nthawi yaitali. Ana asukulu anapita ku sukulu opanda mathilanki. Ndinapita kukawaona, ndinawapeza ataphimba shelefu yonse ndi nsalu. Ndinalankhula mosabisa. Ndinati munthu woidziwa filimu uja sadzabwera, ndipo mu Lilongwe monse palibe amene amasamala kuti fulasiki ndi yamtundu wanji. Anavomera kuti mwina sadzabweradi. Koma anati iwo aona, ndipo sangabwerere kukakhala ngati sanaone. Anati moyo wawo wonse ankakana kutseka kumbuyo kwa bulashi poopa kunama, chonsecho bodza lili kutsogolo, pa chinthu chilichonse.

Ndinkaganiza kuti azitaya. M'malo mwake, m'mawa wina ndinamva kupala. Anali atatulutsa fulasiki akuipala ndi sandipepa mpaka lata kuwala. Anaganiza zopakanso zonse, chimodzichimodzi.

Vuto linali maso. Shuga anali atayamba kale kuwadya, ndipo foni imene Fiona anawasiyira ndi yaing'ono. Posakhalitsa sankathanso kusiyanitsa chobiriwira ndi cha buluu. Anandipempha ine, koma atakumbukira za simenti zija anandichotsa ntchito ndisanaiyambe. Fiona amakhala ku chipatala. Anatsala ndi munthu mmodzi, ndipo anati zili bwino, chifukwa ameneyo ndiye sanganame.

Umu ndi mmene mayi Edna, atakana kwa zaka zonsezo, anakhalira pakhonde ndi foni m'manja kuonera anthu a zipewa. Ntchito yawo inali kuimitsa chithunzi ndi kutchula mtundu. Kungoti "chofiira" sikunkakwana. A Laws ankafuna kudziwa ngati ndi kufiira kwa tomato, kwa njerwa kapena kwa dothi la ku Chinsapo. Ankakangana mpaka mphaka kuchokapo. Patapita milungu ingapo mayi Edna anayamba kukana kuimitsa, akuti adikire kaye aone ngati wa ndevu uja agwidwa, chifukwa anamukayikira kuyambira pachiyambi. Tsiku lina ndinawamva akudzudzula kazitape wamkulu kuti ndi wopusa pa nkhani ya akazi. Ndinaona kuti a Laws akondwa.

Shelefu inayamba kusintha. Kunja kwa shedi kunkauma zinthu zofiira, zachikasu, za buluu, moti anthu odutsa ankafunsa ngati atsegula sukulu ya mkaka. Koma munthuyo ankatha. Miyendo inatupa, manja anayamba kunjenjemera, ndipo fungo la penti linkawatsekera chifuwa. Fiona anawaletsa. Anamuyankha kuti akaletse odwala ake. Tsiku lina anakomoka sandipepa ali m'manja, tinachita kuwanyamula. Atatsitsimuka anafunsa kuti zatsala zingati.

Chinatsala chimodzi, chimene anachisiya komalizira chifukwa cha kukula: thilanki la mkulu wa akazitape, lalitali ngati bokosi la maliro a mwana, lodzaza mabatani ndi timagudumu. Kulipala kokha kukanatenga munthu wamphamvu milungu iwiri. A Laws sakanalola wina kulikhudza, ndipo tonse tinkaona kuti akaliyamba sadzalimaliza.

Anandiitana kuti ndilitulutsire pakhonde. Iwo anagona pa mphasa atatsamira pilo. Mayi Edna anafufuza chigawo chake, naimitsa chithunzi. Ndinaima kumbuyo kwawo, ndinaona bwinobwino. Thilankilo linali lobiriwira ngati tsamba la mango, mabatani ake achikasu.

Mayi Edna anayang'ana foni nthawi yaitali. Kenako anayang'ana manja a amuna awo.

"Lotuwa," anatero.

"Onetsetsani, NyaMsiska."

"Ndaonetsetsa. Lotuwa monga munalipakira."

A Laws anatembenukira kwa ine. Ndinati magalasi anga ndawasiya ku shedi. Anafunsanso akazi awo kuti kutuwa kwake n'kuti, kwa phulusa kapena kwa mtambo wa mvula. Mayi Edna anayang'ana thilanki lili pakhondepo, nati kwa mtambo wa mvula.

A Laws anatambasula dzanja n'kusisita chivundikiro cha thilankilo.

"Ndiye limodzi ndinalondola," anatero. "Tatha ntchito."

Madzulo ake anadya bwino, anapempha ndi tiyi wa shuga amene Fiona anawaletsa. Masiku otsatira ankauza aliyense wobwera kudzawazonda kuti munthu uja akhoza kubwera tsopano. Anamwalira mweziwo usanathe, m'mawa, mopanda phokoso.

Ku Rumphi abale anagawana majekete, njinga ndi zipangizo za ntchito. Zida za akazitape palibe anazifuna, ndipo mayi Edna sanafunse kawiri, anazisunga okha. Anabwerera ku Mchesi, nyumba ndi yomweyo.

Shedi ija munalowa wina wowotcherera mageti. Ndi munthu wabwino, koma dzuwa likapendeka amatseka n'kupita kwawo. Mzere wathu wonse umakhala zii nthawi imene kale kunkayamba kulira kanyundo kakang'ono. Palibenso amene amandiimitsa pa ntchito kuti ndiyang'ane zidutswa ziwiri za lata n'kunena chimene chaderako. Ndinkadandaula kuti amanditayitsa nthawi. Nthawiyo ndili nayo tsopano, ndipo ilibe ntchito.

Mwezi watha ndikudutsa m'mawa ndinamva fungo la penti. Mayi Edna anali pakhonde, atamanga chitenje chakale, foni itatsamira njerwa. Thilanki lija anali atalipala lonse okha, zala zili ndi mabala. Mbali imodzi inali itabiriwira kale. Sadziwa kupaka. Penti ankayenderera m'makona, ndipo tsitsi la bulashi linakakamira pa chivundikiro. Ndinati andisiyire, ndilimaliza tsiku limodzi.

Sanadzutse mutu.

"Bambo anafunsa ine," anatero, n'kuviika bulashi m'chitini.