Jailosi ndi Kagudumu ka Kamera

Khalani pansi, ana ojijirika inu. Mwambi uja wa maso a nkhono unayamba motere, ndipo wonena kuti ndi wakale kuposa kamera andisiye ndimalize kaye.

Jailosi Kambalame ankajambula maukwati ku Ntaja. Atamva kuti malo ena ogona alendo m'nkhalango ya nyama akufuna wojambula, anabwereka kamera yatsopano n'kupita. Mwini malowo, Mayi Nangozo, anati, "Pofika masana mundionetse chithunzi chimodzi chooneka bwino, ntchito ikhala yanu." Anamupatsa mlonda wa nyama, Bambo Mtukula, kuti ayende naye.

Pamwamba pa kamerayo panali kagudumu kokhala ndi tizizindikiro. Mlonda anayamba kumufotokozera kuti phiri n'lojambulira zakutali, kamunthu kothamanga n'ka nyama zaliwiro, duwa n'la tinthu tating'ono tapafupi. Jailosi sanamve n'chimodzi chomwe.

"Achimwene, ine ndajambulapo akwati makumi anayi!"

Atapeza nswala, anapotokola kagudumu kufika pa kamunthu kaja. "Apa akuti wojambula athamange," anatero, n'kuliyatsa liwiro. Nswala zinabalalika, pachithunzi n'kutuluka fumbi lokhalokha.

Kenako kunatulukira njovu. "Chinyama ichi ndi phiri ndithu!" Mmene ankasakasaka phirilo pa kagudumu, njovu inali itatembenuka. Anajambula mchira ukulowa m'tchire.

"Bambo, taimani pamodzi, nyama imabwera yokha," anatero mlonda.

"Nthawi, achimwene, nthawi!"

Dzuwa litafika paliwombo, miyendo inamukana. Anadzigwetsa pamthunzi, ntchito akuiona ikupita, ndipo pamenepa ngakhale ine ndimamumvera chisoni. Pa kusakasaka kuja, kagudumu kanali katatsalira pa duwa. Pa tsamba lonyowa pafupi ndi bondo lake panali nkhono. Mphamvu zoti aivutitse analibe, anangokhala duu. Pang'onopang'ono nkhono inatulutsa tinyanga take, timaso tili kunsonga, chala cha Jailosi n'kudina kamera chokha.

Mayi Nangozo anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Za njovu ndili nazo zodzaza khoma, koma ichi sindinachionepo. Muyambe Lolemba. Munatani kuti muchipeze?"

Jailosi anatukumula chifuwa kuti ayambe kusimba luso lake, koma mlonda anamudula pakamwa.

"Mayi, luso lake n'loti anatopa n'kukhala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."