Mwendo wa Leticia Sudziwa Avareji

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mabasi ya Tafikakale,
Chipata.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada pansi polemba kalatayi, ine mphunzitsi wamba wa ku Nabvutika, mayi wake wa Leticia, mtsikana uja basi yanu inamugunda ali panjinga popita kudimba, pakona ya msewu wa ku Katete. Zikomo kwambiri chifukwa cha yankho lanu pa dandaulo lathu. Mwatiuza kuti basiyo sinathamange: ulendo wa ku Katete unayamba 7 koloko, n'kutha 10 koloko, makilomita 90 m'maola atatu, ndiye kuti 30 pa ola, avareji. Mwajambulanso girafu yoonetsa mtunda ndi nthawi, mzere umodzi wowongoka ndi rula. Zaka makumi awiri ndikuphunzitsa masamu, sindinaonepo ntchito yaukhondo chonchi.

Ndiloleni ndithokoze mwadongosolo.

1. Zikomo powerengera ngati ulendo maola awiri amene basi imangokhala pasiteshoni, injini ikulira, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha. Lachiwiri ndinakwera ndekha, wotchi ndi kope zili m'manja. Pa girafu yanga, maola awiriwo mzere wagona pansi ngati mphasa.

2. Zikomo kwa dalaivala wanu, amene 9 koloko ikakwana amakumbukira mwadzidzidzi kuti Katete alipo. Pamenepo mzere wanga waima ngati makwerero. Pakona paja ndinasuzumira kutsogolo: singano yoonetsa liwiro inali pa 120. Amayi amene ndinakhala nawo anayamba kulapa machimo mokweza.

3. Girafu yanu ndinapita nayo kuchipatala kukamuonetsa Leticia. Ndinamufotokozera kuti malinga ndi masamu a Bwana, mwendo wake sunayenere kuthyoka. Mwendowo, pokhala wosaphunzira, wakana kumva. Apa ndileke nthabwala, Bwana: ndinalira, ndipo mtima ukundiwawabe. Basi simugunda munthu ndi liwiro la ulendo wonse. Imamugunda ndi liwiro la mphindi imene yamupeza.

Kudimba tsopano kukupita mng'ono wake, Cynthia. Amadutsa pakona pomwepo m'mawa uliwonse, nthawi yomweyo, ndipo ine mtima umakhala m'malere mpaka atabwerako.

Pempho langa n'laling'ono, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Lolemba likubwerali, ikamakwana 9 koloko, mudzabwere mudzakhale pakati pa msewu pakonapo, girafu yanu ili pachifuwa. Mpando ndidzabweretsa ndine. Musaope kanthu, Bwana, basi yake ndi ya 30 pa ola.

Ine wantchito wanu wosadziwa masamu,

Edita Sakala