Mkwatibwi pa Njinga Yomwe Ndinagulitsa

Pabalaza pa makolo anga ku Masasa pali chithunzi chachikulu cha ukwati wa mchemwali wanga Tiwonge. Onse alipo: adada, amama, ankhazi (azakhali) a ku Nkhata Bay, ngakhale msuweni wina yemwe sanaitanidwe n'komwe. Wosowa ndi ine ndekha. Alendo akafunsa, amama amangoti ndinatanganidwa ndi za mayendedwe, n'kusintha nkhani msanga. Lero ndati ndiulule ndekha za mayendedwezo, chifukwa anthu a mu Mzuzu akuzifotokoza mothira mchere wambiri.

Ndinali ndi zaka 19. Nditalemba mayeso a Fomu 4, adada (mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wosanena chinthu kawiri) anandigulira njinga yamoto kuti ndizichita kabaza, ndizisunga za kukoleji. Ntchito ndinaigwira, pamenepo ndisadzinyoze. Patangotha chaka ndi theka njinga zinali ziwiri, ndipo amama ankanditchula ngati chitsanzo akamakalipira ana a eni.

Kenako ndinaiona galimotoyo. Inaima pagalaja ina ku Luwinga, yofiira, ya zitseko ziwiri zokha, yotsika moti nkhuku sikanadutsa kunsi kwake osawerama. Mwini wake atailiza, kulirako kunandilowa m'chifuwa, nzeru zonse n'kutulukira kumakutu. Anandiuza kuti akugulitsa motchipa chifukwa akupita kunja. (Mpaka lero ndimakumana naye mumsika akugula tomato.) Sindinafunse za petulo, sindinafunse za matayala. Ndinangofunsa funso limodzi lanzeru, loti imathamanga bwanji.

Njinga zonse ziwiri ndinagulitsa kwa a Gondwe, mkulu wa pasiteji pathu pa kabaza. Anandifunsa katatu ngati ndaganiza bwino, ine n'kuwayankha kuti munthu sangakalambire pa matayala awiri. Za kukoleji zija nazo zinapita komweko.

Vuto loyamba linali lakuti galimotoyo sinkafika kunyumba. Odziwa Masasa akudziwa: ukachoka patala, msewu wopita kwathu umatsetsereka, pakati pake pali linunda, m'mbali muli ngalande zokumbidwa ndi mvula. Choncho adada anachita kukwera mtunda wapansi kudzaiona. Anaizungulira kamodzi, nagwada n'kusuzumira kunsi, nadzuka akusasa fumbi pabondo.

"Kodi imeneyi inapangidwira ku Masasa kuno?" anafunsa.

Ndinayamba kufotokoza za mphamvu ya injini. Iwo anangoti yewo, zikomo wa kwathu kuno, n'kuyamba ulendo wotsika. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa yewo ameneyo anandiwawa sabata yonse.

Ndinkaigoneka pamalo ena omwetsera mafuta, mlonda n'kumamupatsa kangachepe. M'mawa uliwonse, kuti ndikafike pomwe pali galimoto yanga, ndinkakwera kabaza. Inde, mwini galimoto, kumbuyo kwa njinga, makiyi ndikuzunguza pachala kuti anthu asandione ngati wokwera wamba. Anzanga akale apasiteji anayamba kunditcha bwana, ndipo zinanditengera nthawi kuzindikira kuti sunali ulemu.

Petulo inkamwa ngati ili ndi ludzu la chaka. Kanyali kochenjeza za mafuta sindinakaonepo katazima, mpaka ndinkayesa kuti n'kokongoletsa. Pa hampu iliyonse ndinkadutsa chopingasa, pang'onopang'ono, a njinga zakapalasa akundipitirira n'kumandipatsa moni. Ndikanyamula anzanga, ankayenera kutsika kaye kuti ndiwoloke. Tayala limodzi litaphulika padzenje, makaniko anandiuza kuti mtundu umenewo mu Mzuzu mulibe, mpaka tiitanitse ku Dar. Galimoto inakhala pa njerwa masabata atatu, ine ndikupita kukaipukuta tsiku lililonse. Kuthamanga kwenikweni ndinakulawa kawiri kokha, pamsewu wa ku Ekwendeni, ndipo ulendo wachiwiri ndinabwerako ndi chindapusa cha apolisi.

Munthu wanzeru akanaigulitsa pamenepo. Ine m'malo mwake ndinaimirira pamsonkhano wa komiti ya ukwati wa Tiwonge, pomwe akuluakulu ankakambirana zobwereka galimoto ya mkwatibwi, n'kunena kuti asavutike, mkwatibwi ndidzamunyamula ine. Adada anayang'ana kudenga. Tiwonge ndi amene anandiikira kumbuyo. Anati mlongo wake ali ndi galimoto, sangakwere ya mlendo, ndipo komiti inafufuta nkhaniyo pa pepala.

Panali malamulo awiri omwe ndinawamva koma osawaika pamodzi m'mutu. Loyamba linali la abusa. Loweruka limenelo anali ndi maukwati atatu oti awadalitse pamodzi, ndipo analengeza kuti ikakwana hafu pasiti eyiti ayamba ndi omwe alipo, wochedwa adzapemphe tsiku lina. Sankaopseza chabe ayi, anali atazichitapo kale kwa mwana wa mkulu wa mpingo. Kwathu ng'ombe inali itaphedwa, holo italipiridwa, ndipo abale a mkwati anali atafika kuchokera ku Rumphi. Lachiwiri linali la ankhazi, alongo awo a adada, omwe pa ukwati uliwonse wa kwathu mawu awo ndi omaliza. Nditapempha kuti Tiwonge adzakwere mtunda wapansi n'kundipeza patala, anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati mwana wa m'banja lathu amatengedwa pakhomo pa bambo ake anthu akuona, satuluka wapansi ngati akuthawa.

Choncho Lachisanu masana, kunja kuli gwa, ndinaitsitsa. Ndinayala matabwa m'malo oipa, ndinatenga ola lathunthu pa mtunda womwe nkhalamba imayenda mphindi khumi, koma ndinafika. Amayi a pafupi analulutira. Tinaimanga maliboni oyera ndi maluwa pabonati, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadzimva kuti ndinagula chinthu chanzeru.

Loweruka tinadzuka mvula ikuwaza, ija ya ku Mzuzu yosachita phokoso koma yosaleka. Adada, amama ndi ena onse anakwera mtunda ndi maambulera kukakwera minibasi yomwe inkadikira patala. Tinatsala ine, mkwatibwi, ankhazi ndi atsikana anayi operekeza, ovala madiresi ofanana a mtundu wa chikasu chowala.

Kulowetsa ankhazi kumpando wakumbuyo kudzera pa chitseko chakutsogolo inali ntchito payokha. Ankhazi Mulungu anawadalitsa ndi thupi. Analowa chammbali, akundifunsa kuti zitseko zinazo ndinagulitsa kapena. Atakhala, galimoto inatsikanso zala ziwiri. Tiwonge anakhala kutsogolo, diresi litadzaza mpaka pa giya.

Tinanyamuka bwinobwino mpaka pomwe mtunda umayambira. Pamenepo matayala akumbuyo anayamba kuzungulira pamalo amodzi. Woyendetsa wodziwa akanachotsa phazi. Ine ndinakumbukira mphamvu ya injini yomwe ndinkauza adada ija, n'kuponda. Galimoto inalira, agalu a Masasa yense n'kuyankha, koma sitinasunthe. Ndinatulutsa mutu pawindo n'kupempha atsikana aja kuti angokankhako pang'ono.

Anavula nsapato, anagwira kumbuyo, ndipo ine ndinapondanso. Sindinaone chomwe chinachitika, ndinangomva kukuwa. Nditayang'ana pagalasi, chikasu chija panalibe. Panali anthu anayi ofiira kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, mmodzi akulavula dothi. (Awiri mwa iwo mpaka pano sandiyankha moni, ndipo sindiwadandaula.)

Galimoto inasunthadi, koma chammbali. Inakwera linunda lija n'kukhalira pamimba, itapingasa msewu wonse, matayala akuzungulira m'mwamba. Kunsi kunamveka phokoso la chitsulo, ekizozi n'kutsala pamatope. Ndinayesanso kawiri, injini inatsokomola n'kuzima. Petulo yemwe ndinayezera kuti atifikitsa kutchalitchi ndi kuholo ndinali nditamuwotcha yense pakhomo pa aneba.

Nthawi inali itadutsa eyiti. Foni ya Tiwonge inkangolira: amama, kenako mkwati, kenako amamanso. Ndinkaopa kumuyang'ana. Nditalimba mtima, ndinapeza sakulira, sakukalipa, akungoyang'ana kutsogolo atagwira maluwa. Apo ndiye mantha enieni anandigwira. Mtsikana uyu anadikira tsikuli zaka zitatu, anandikhulupirira pamaso pa komiti yonse, ndipo ine ndinali nditamukhazika pa linunda.

Kumtunda kunamveka kulira komwe ndikanakuzindikira ngakhale ndili m'tulo. Anali a Gondwe, pa njinga yanga yoyamba ija, akutsika bwinobwino m'mbali mwa ngalande. Kumbuyo kwawo kunali mnzawo pa njinga yanga yachiwiri. Adada ndi amene anawatuma. Anali atawauza kale Lachisanu kuti adzakhale pafupi.

"Monile mose," anatero a Gondwe. "Bwana, mwawuka uli? Tamva kuti pali katundu wofulumira."

Ankhazi anayamba kukana ali m'kati momo. Anati yayi, mwana wa mlongo wawo sangapite kuukwati pa kabaza ngati thumba la makala. Tiwonge anatsegula chitseko, nakwinya diresi m'manja.

"Ankhazi, mwanena kuti nditengedwe pakhomo anthu akuona," anatero. "Pakhomo ndi pano, anthu ndi awa. A Gondwe, tiyeni."

Amayi a pafupi anayala zitenje pamatope kuti apondepo, china anamukulunga nacho m'chiuno, velo n'kuilowetsa m'jekete la a Gondwe. Tiwonge anakhala panjingapo chammbali atagwira ambulera. Ankhazi tinawatulutsa anthu atatu, ndipo njinga yachiwiri inawalandira popanda kudandaula. Ndinathamangira kuti ndipeze yachitatu, koma kumbuyo kwa galimoto yanga kunali kutaima kale lole ya mchenga, dalaivala akuliza hutala. Ankhazi anatembenuka ali panjinga.

"Iwe tsala ndi mkazi wakoyo," anatero.

Ndinaima m'matope, suti yobwereka itanyowa, ndikuonerera njinga zanga ziwiri zikukwera mtunda mosavutika n'komwe. Ndinamva pambuyo pake kuti anafika abusa atatsegula kale buku, ndipo tchalitchi chonse chinaimirira kululutira. Atsikana aja anakasamba pampopi wa aneba n'kupita atavala zitenje.

Galimoto tinainyamula ndi manja, amuna khumi ndi awiri, ndipo aliyense anafuna ya sopo. Kuholo ndinafika madzulo, zithunzi atajambula kale, perekaniperekani ali pakati. Ndisanabisale, woyendetsa mwambo anaitana mlongo wake wa mkwatibwi kuti abwere adzafupe. M'thumba munalibe kanthu. Ndikuyenda chamanyazi kupita kutsogolo, adada anandigwira dzanja ngati akundipatsa moni, n'kusiyamo ndalama zopindapinda, maso ali kwina. Ndinavina, ndinaponya ndalamazo.

Galimoto ija ndinaigulitsa kwa makaniko yemwe ankangofuna injini. Pano ndinabwerera pasiteji, ndikuyendetsa njinga ya a Gondwe, yomwe inali yanga, ndipo za kukoleji ndayambiranso pansi. Amanditchabe bwana. Ndikanakonda kunena kuti ndinachira, koma dzana ku Katoto inadutsa ina yabuluu, yotsika, yolira bwino, ndipo ndinaitsatira ndi maso mpaka wokwera wanga anandimenya paphewa.

Pa chithunzi chija, pakona ya felemu, pali kachithunzi kena kakang'ono komwe Tiwonge anatsindikiza n'kulowetsapo yekha: galimoto yofiira itakhalira pamimba m'matope, maliboni akulendewera. Nditamupempha kuti akachotse, anakana.

"Banja lonse liyenera kuoneka," anatero. "Ameneyo ndi iweyo."