Makoswe Kudenga, Osauza Alendo

Lolemba
Webusaiti ya resitihausi yanga yayamba kugwira ntchito! Waikonza ndi mlamu wanga Asiyatu wa ku Blantyre. Akuti mutu wa tsamba lililonse umadzilemba wokha: kompyuta imatenga zimene ndalemba m'bokosi la "Dzina", n'kuphatikiza dzina la malo athu. Ndamufunsa katatu ngati singalakwitse. Akuti imangokopera, ilibe maganizo.
Loweruka kuli ukwati ku Makokola. Che Jafali a ku Chiponde, amalume a mkwatibwi, akufuna zipinda zonse zisanu. Zisanu!

Lachiwiri
Ndikulowetsa zipinda m'mabokosi a pa webusaiti. Ndikulemba monga ndimalembera m'kope langa zaka zonsezi, kuti ndisaiwale:
Chipinda 1, chabwino
Chipinda 2, fani imalira ngati chigayo
Chipinda 3, makoswe kudenga, osauza alendo
Chipinda 4, chimadontha, beseni pakona ya bedi
Chipinda 5, chitseko chimafuna phewa
Ndawerenga kawiri. Palibe cholakwika.

Lachitatu
Masamba onse asanu ndawatumiza pa foni ya Che Jafali. Iwo awatumiza ku gulu lonse la ukwati. Mtima uli m'malo. Ndagula sopo watsopano, chipinda chilichonse wakewake.

Lachinayi
Che Jafali aimba. Salamu yaitali, afunsa za ana, za mpunga, kenako: "Achimwene, cha makoswecho tiikemo akuchimuna?"
Ndikutsegula foni. Zilembo zakuda, zikuluzikulu, pamwamba penipeni: "Chipinda 3, makoswe kudenga, osauza alendo — Chisomo Resitihausi."
Ine ndimayesa zolemba m'bokosi zimakhala m'bokosi!
Mlamu sakuyankha foni. Ndafufuta mabokosi onse asanu.

Lachisanu
Mitu yadzilembanso yokha: "Chipinda palibe." Kasanu. Mlamu akuti anaika dala kuti bokosi likakhala lopanda kanthu izilemba choncho. Akuti anandiuza. Mwina.
Potuluka kumzikiti, a Mussa a resitihausi ya kutsidya kwa msewu andigwira dzanja osalisiya. Akuti zikomo, samadziwa kuti webusaitiyo ndatsegulira iwo.

Loweruka
Minibasi ziwiri zaima kwa a Mussa. Ndikuonera pawindo.
Zoti ndichite:
kubwezera mayina
kutchera misampha
kusiya kusuzumira pawindo
Chachitatucho chakanika. Madzulo mvula ya mkokomo.

Lamulungu
Mlamu waika bokosi lina, "Zanga zokha", akuti limeneli silipita pamutu. Ndikuliopabe.
M'mawa Che Jafali adutsa, mkanjo wonyowa phewa limodzi. Akuti kwa a Mussa nakonso kumadontha, koma iwo salembera alendo poika beseni. Ndawaitanira tiyi. Akuti minibasi ikudikira.
Sopo ali m'kabati, sanatsegulidwe. Za makoswe ndazibwezera m'kope, kope silitumiza kanthu kwa munthu.
Mitambo ikudanso. Ndikukaika beseni m'chipinda 4, pakona ya bedi.