Antchito Atatu a m'Laputopu ya Lonjezo

Lolemba

Wonena ndine. Wolemba ndi amake Lonjezo, poti iwo anafika Sitandade 7, ine ndinalekera 2. Lembani zanga zokha, musawonjezere.

Lonjezo, mwana wathu wa ku Lilongwe, ali pakhomo. Amapanga mapulogalamu a kompyuta. Wabwera ndi shuga, nsapato zanga, ndi laputopu.

Tchuthi ndi cha sabata yonse, koma pali kantchito. Pofika Lachisanu auze abwana ake chida chimene ofesi yawo izigwiritsa ntchito. Akamaliza, akhala mpaka Lamulungu. Akapanda kumaliza, abwerera Loweruka. Ine ndauza kale akuluampingo kuti Lamulungu mwana wanga aima kutsogolo, alankhule kwa achinyamata.

Lonjezo akundifotokozera m'chigafa ndikusankha fodya. Akuti pulogalamu ili ngati masamba awa, ndi ambirimbiri. Pafunika kuwasankha, kutaya owola, kumanga timitolo tija timati ndindi, kudinda belo. Akamachita pamanja, wina aiwala ichi, wina aiwala icho. Ndiye akufuna chida choti chizichita zonsezi chokha, mwandondomeko.

Ndamva. Akufuna wantchito. Aganyu ndinayamba kuwasankha iye asanabadwe. Pofika Lachitatu tikhala titatha.

Lachiwiri

Zida zilipo zitatu. Maina ake ndi achizungu, lilime langa lakana. Ndazitcha anga:

Nkhalamba. Wakalekale, safulumira, umuuze chilichonse ngakhale kutseka chitseko.
Kalaliki. Ali ndi malamulo ake. Ukaika chinthu pamene iye safuna, sagwira ntchito.
Waliwiro. Watsopano, wachangu, koma omudziwa ndi ochepa.

Netiweki imagwira pachulu pokha, kuseri kwa chigafa. Ndamanga kachisakasa pamwamba pake. Mpando ndi thumba la feteleza wa makuponi, ndathiramo makoko a mtedza. Batire la sola ndakweza ndekha. Laputopu yake ndi yokalamba, siisunga moto, imadalira waya.

Lonjezo akuti aliyense wa atatuwo asanayambe ntchito amaitanitsa zipangizo zake kuchokera kutali. Waganyu wobwera wopanda khasu!

Lachitatu

Nkhalamba wagwira m'mawa wonse, wamaliza. Ulemu wake.

Ndikumuuza Lonjezo kuti wantchito umafunsa kumene wachokera, anthu akumeneko akuti bwanji. Akuti, "Zoona ababa, ndikuwerenga zomwezo." Amake, mwalemba? Akuti zoona.

Masana alendo. Ndinawauza bwinobwino kuti asabwere, mwana ali pa ntchito yaikulu ya dziko. Abwera onse. A Gondwe oyandikana nafe, azakhali a Lonjezo awiri, ndi amayi a kwaya. Akwera chulu. A Gondwe akufunsa ngati chidacho chingawasankhire fodya. Lonjezo akuyankha aliyense mwaulemu mpaka dzuwa lapendeka.

Amake akuti, "Mukanapanda kukalengeza pachitsime, akanadziwa ndani?" Zimenezo musalembe.

Lachinayi

Kalaliki wayesedwa m'mawa. Wanyanyala kawiri, kachitatu wamaliza.

Masana ndi nthawi ya Waliwiro. Akuitanitsa zipangizo zake, kamzere ka pagalasi la laputopu kakuyenda pang'onopang'ono, katsala pang'ono kufika kumapeto. Lonjezo watsika kukadya. Akuti, "Ababa, mungoyang'anira nkhuku."

Koma ine ndaona chimene mwanayu sakuchidziwa. Onsewa akuwayesa pamtendere. Ine waganyu watsopano ndimamubisira khasu labwino, ndione ngati akhala pansi kapena apeza nzeru.

Ndazula waya.

Galasi lada bii. Ndadikira. Sanapeze nzeru. Ndabwezera waya, palibe chachitika.

Lonjezo wabwera, wayang'ana laputopu, wayang'ana ine. "Ababa, mwagwira chiyani?" Ndafotokoza za khasu. Wakhala pathumba, wagwira mutu, kenako waseka mpaka misozi. Akuti zonse ziyambirenso, ndipo mayunitsi atha.

Amake akuti ndinene kuti ndalakwa. Lembani kuti ndayesa.

Lachisanu

Mbandakucha ndili panjinga, wa ku Nkhamenya kukagula mayunitsi. Ndabwera nawo. Pobwerera ndapeza kumwamba kwatseka, mitambo ndi kamphepo kozizira. Sola siyikudya kanthu. Batire latha nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Njinga kachiwiri, kukabwereka batire kwa a Gondwe. Alemera nalo mtima, koma apereka. Ndafika nalo thukuta lili kamukamu. Layatsa laputopu kanthawi kongopemphera, lazima. A Gondwe akuti dzulo anamvera nalo mpira pang'ono pa wailesi.

Lonjezo waimbira abwana ake. Amupatsa mpaka Lolemba m'mawa. Mawa anyamuka, akamalizire ku ofesi kumene kuli magetsi.

Lero sindinasankhe fodya ngakhale tsamba limodzi. Amake akulemba mofulumira kwambiri, sindikudziwa ngati zonse ndi zanga.

Loweruka

Tikumuperekeza kumsewu. Katundu: mtedza, ufa, maungu awiri, nkhuku yomanga miyendo. Chikwama cha laputopu ndapempha kunyamula ine. Wandipatsa nkhuku.

Podikira minibasi akuti, "Ababa, funso lanu lija ndi labwino. Magetsi akathima ntchito ili pakati, chida chiyambira pomwe chinalekera kapena pachiyambi? Ku ofesi amathimathima. Ndikawayesa onse atatu." Wandigwira mkono. "Koma wayayo ndikazula ndekha."

Amake, mawu oyambawo lembani kawiri.

Lamulungu

Kutchalitchi ndavala nsapato zatsopano. Zikuluma.

Nthawi ya zolengeza amuitana Lonjezo. Anthu onse atembenukira kwa ine. Ndaima ndekha. Ndafotokoza za Nkhalamba, Kalaliki ndi Waliwiro, za ndindi ndi mabelo, mwadongosolo. Za waya sindinafikeko, nthawi inali yochepa. Achinyamata aomba m'manja. Pakhomo a Gondwe akufunsa ngati zida zimenezi chaka chino zikhala pa makuponi. Ndati dikirani mndandanda.

Masana foni ya amake yalira. Lonjezo. Akuti wasankha Kalaliki, poti anzake onse akumudziwa kale. Ine mtima wanga unali pa Nkhalamba, koma ofesi ndi yawo.

Akuti abweranso pa Khirisimasi, laputopu aisiya ku Lilongwe. Ndamufunsa ngati wadya. Akuti nkhuku ili pamoto.

Kachisakasa ka pachulu ndikasiya. Mbuzi zakakonda.