Mapewa a Mayi wa Mkwatibwi

Lolemba

Ndapeza! Gule wanga ndamupeza! Vidiyo yabwera pa gulu lathu la pafoni la amayi a kaunjika kuno ku Luwinga. Mayi wina wachikulire, nsalu yofiira m'chiuno, mapewa akunjenjemera ngati injini ya chigayo. Kenako kudumpha. Kenako kuima zii, maso kumwamba, ngati wakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto. Wina waikapo nyimbo ya amapiano. Ndaionera kakhumi ndi kawiri, kuseka mpaka kasitomala watopa kundiitana, wapita.

Loweruka Tadala wanga akukwatiwa. Ku chinkhoswe ndinangoima ngati mtengo wa magetsi, ndipo asewere anga aNyaGondwe, mayi a mnyamatayo, ananena anthu akumva: "Amama awa chiuno chinauma chomene." Zinandipweteka, sindinama. Ine wa ku Zomba, chaka chimodzi chokha mu Mzuzu muno, ndayamba kale kutchuka ndi chiuno chouma? Loweruka aona!

Lachiwiri

Dongosolo:
mapewa, lero ndi mawa
kudumpha, Lachinayi
kuima zii, izi ndimatha kale
osauza munthu

Ndagula bandulo yoti ndiphunzirire. Theka latha pa zinthu zina. Mdala wovina ndi wilibala! Kwaya yoimba mu minibasi, kondakitala akuimba besi atapachika mutu pawindo! Mbuzi yogwedeza mutu mogwirizana ndi ng'oma, iii, mbuzi imeneyo ndaikonda. Mapewa ndayesa kuseri kwa belo la majekete. Lakumanja likumvera. Lakumanzere lili ndi mwano.

Lachitatu

Mvula ya Mzuzu, kuwaza kopanda mathero. Netiweki ikuvuta, vidiyo ikuima mayi uja ali m'malere, miyendo yonse iwiri. Sindikudziwa kuti amatera bwanji. Ndangopeka zanga, ndatera pa beseni.

Bambo a Tadala andipeza ndikunjenjemera m'khitchini. "Mayi, malungo amenewo, tiyeni kuchipatala." Ndawauza kuti ndi kuzizira. Andifunditsa bulangete, andipangira tiyi wa mandimu. Zaka makumi awiri ndi zisanu za ukwati, tiyi woyamba wochokera m'manja mwawo!

Lachinayi

Lakumanzere lamvera! Onse awiri akupita okha tsopano, ngakhale kuwaletsa akuvuta.

Khosi lauma. Bondo likulira ngati chitseko.

ANyaMhango oyandikana nawo andiona pawindo. Aima nthawi yaitali, chidebe m'manja, osaseka ngakhale pang'ono. "Mama, zimenezi zinakuyambani liti? Mumalota chiyani masiku ano?" Ndayankha kuti zayamba Lolemba, ndipo ndikulota mbuzi. Agwira pakamwa, achoka mofulumira. Nsanje basi. Anthu akaona mnzawo akutukuka!

Lachisanu

Nsalu yofiira ndaipeza mu belo langa lomwe. Mayi wa mu vidiyo ali ndi zolira m'miyendo, ndiye ndaboola zitsekerero za mabotolo, ndatunga pa ulusi. Zikulira bwino kwabasi, che-che-che!

Tadala wabwera kudzayesa diresi. Wakongola mwana wanga, misozi yatsika yokha. Pochoka wandigwira dzanja. "Amayi, mawa akakuitanani mungoyenda pang'onopang'ono, mukumwetulira. Basi. Musandichititse manyazi kwa apongozi, chonde." Ndavomera. Koma mwana sadziwa zimene mayi ake amukonzera. Adzandithokoza.

Loweruka

Mayo ine.

Holo ya ku Masasa yadzaza. Woulutsa mawu akuitana: "Mayi a mkwatibwi atulukire!" Ndamanga nsalu yofiira pamwamba pa chilundu cha ukwati. Mapewa ayamba. Che-che-che! Kudumpha! Kuima zii, maso kudenga! Sindinavinepo bwino chonchi chibadwire.

Achibale anga a ku Zomba akuimba nthungululu. Koma mbali ya akuchimuna, zii. Kenako gogo wina wakuwa: "Vimbuza! Zimitsani nyimbo, zawagwira!"

Nyimbo yazima. Azakhali a mkwati andizungulira, akuwomba m'manja, akuimba nyimbo ina yachitumbuka yomwe sindikuidziwa. Ine ndikuyesa akundichemerera, ndawonjezera moto! Wina wandivula nsapato. Wina akufunsa kuti mizimuyi ikufuna chiyani. ANyaMhango akuchitira umboni: "Zinayamba Lolemba, akulota mbuzi!" Bambo a Tadala nawonso: "N'zoona, Lachitatu ananjenjemera tsiku lonse."

Ndiye kuti mayi wa mu vidiyo uja sankavina zosangalala. Ndi vimbuza, gule wochiritsa odwala mizimu kuno kumpoto. Wopanda ulemu wina anangochotsa ng'oma n'kuikapo amapiano, ine n'kumeza zonse.

Ndayang'ana kutsogolo. Tadala wabisa nkhope mu maluwa. Keke adula ine ndili m'kachipinda ka kuseri, aNyaGondwe akundikupizira mphepo ndi katoni.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Khosi, bondo, manyazi.

Vidiyo yatsopano yafika pa gulu la kaunjika. Nsalu yofiira, holo ya ku Masasa. Ndine. Aikapo amapiano omwe aja. Ndaionera kasanu ndi kawiri, ndipo kunena chilungamo, phewa lakumanzere lagwira ntchito.

Ndamuimbira Tadala kuti ndipepese, ndimuuze zoona zake. Wandidula. "Amayi, musayerekeze kuwauza kuti munaphunzira pafoni. Akadziwa kuti mumaseweretsa gule wawo, ine ndikhala bwanji pabanja pano? Panopa akukumverani chisoni, akuti ndinu wawo." Ndafunsa kuti ndiye nditani. Wangodula foni.

ANyaGondwe atumiza uthenga masana: "Asewere, pepani chomene, tinkakunenani chiuno osadziwa kuti mukudwala. Lachitatu tikubwera ndi ng'oma zitatu."

Nsalu yofiira ndaichapa, ili pa chingwe. Ndagula bandulo ina. Ndiyenera kudziwa kuti mayi uja amatera bwanji.