Juzi ya Jafali pa Msika wa Balaka

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Balaka ndimayenda cham'mbali ngati ndaba nkhuku. Amene anandiona tsiku lija ambiri anasamuka, koma manyazi anga sanasamuke.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Liwonde, ine ndikugwira ntchito yokonza njanji. Mwana wathu Jafali anali atakula, tizovala take taukhanda tikungodzaza sutikesi. Ndiye tinamva kuti mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, wachira ku Rivirivi.

"Bambo a Jafali, mawa mukasiye zovalazi kumudzi," anatero akazi anga. "Mwana asatuluke m'chikuta ali maliseche."

"Zonsezi? Bwanji tigulitseko? Wailesi ija yakhalitsa chete, ilibe mabatire."

"Iyayi! Za pachibale sagulitsa. Wailesi yanuyo ikazizidwa muifunditse bulangete."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. (Musafulumire kundiweruza. Loweruka limenelo kunali mpira pa wailesi.)

M'mawa ndinamanga mtolo panjinga. Pofika pa Balaka, Satana anali atandikhalira kale pakeriyala. Ndinati mumtima, khanda limodzi lingavale zonsezi? Theka ndigulitsa, theka ndikapereka, aliyense akondwa. Ndinaonetsa khadi la chipani pachipata, n'kukayala thumba pafupi ndi mayi wina wogulitsa matemba. Pamwamba penipeni ndinaikapo kajuzi kofiira koluka pamanja.

"Za ana! Za ana zotchipa!" Mawu anatuluka bwino, mpaka ndinadzisirira.

Ndili chowerama kukonza malonda anga, ndinaona nsapato zapulasitiki zobiriwira zitaima patsogolo panga. Nsapato zimenezo ndinagula ndine, pa Idi. Apongozi!

Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Mukakumana panjira, wina amapatukira patchire. Nanga pamsika tchire ulipeza kuti? Ndinangotembenuka n'kuyang'ana khoma. Iwonso anakakhala chapatali, chondifulatira, n'kuyamba kulankhula ndi mayi wa matemba uja.

"Mayi, tandifunsireni abambo ogulitsawo. Kajuzi kofiirako akuchita bwanji? Ndikufuna ka mdzukulu wanga, akutuluka mawa."

"Bambo, akuti kajuzi!"

Ndinayankha khoma lija motsitsa mawu. "Muwauze kuti sikogulitsa."

"Akuti sikogulitsa. Koma inu bambo, si mumakuwa pompano kuti zotchipa? Ndipo malonda ofulatirana awa anayamba liti?"

"Muwauze asaope, atchule mtengo," anatero apongozi mofatsa. "Ine kuluka ndimakudziwa. Kameneka woluka wake anavutika nako, maso mpaka kuwawa."

(Woluka wakeyo anali iwowo. Ndinali nditaiwaliratu.)

Apa mayi wa matemba anatulukira nkhani. Anaomba m'manja, "Ogo! Ndi apongozi anu eti?" Anaseka mpaka lichero la matemba kupendekeka. Ogulitsa tomato anasiya tomato wawo, a fodya nawonso anabwera kudzaonerera.

"Muwauze kuti n'kaulere," ndinatero.

"Akuti n'kaulere!"

"Nanga tikabudulato?"

"Taulere."

"Nanga zotsala mu mtolo uli panjingawo?"

"Zonse zaulere, mayi, chonde!"

"Ee, malonda a chaka chino ndi abwino! Muwauze Mulungu awadalitse. Ndipo poti ali ndi njinga, andinyamulireko mpaka ku Rivirivi."

Tinanyamuka, iwo patsogolo, ine kumbuyo chapatali ndikukankha njinga. Njira yonse funso linali limodzi. Akazi anga akamva zimenezi, ndikalowera khomo liti?

Titafika kumudzi, apongozi anamasula mtolo pamaso pa amayi onse. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, makutu ali tcheru.

"Akamwini anga ndi munthu wosamala," anatero. "Zovalazi anayamba aziyanika kaye padzuwa ku Balaka kuti mwana asayabwe."

Nthungululu zinalira. Ndinapuma ngati munthu wotula thumba la chimanga. M'mawa mwake khanda linatuluka litavala kajuzi kofiira kaja, ndipo kunena zoona linakongola kwambiri, mpaka misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinabwerera ku Liwonde ndikuimba mluzu, ndili ndi chikhulupiriro kuti nkhani yathera pomwepo.

Patapita masiku, akazi anga anapita kukaona khandalo. Pobwera anamasula kansalu n'kuika mabatire atsopano patebulo.

"Amayi akuti wailesi isazizidwe," anatero, mapewa akugwedezeka ndi phwete. "Akutinso Jafali akadzakula m'zovala ali nazozi, mukaziyanike ku Ntaja. Ku Balaka dzuwa lake limawotcha."

Mabatirewo ndinalandira ndi manja awiri. Mpira ndinamvera, koma motsitsa kwambiri.